Chaka Chimene Bambo Anga Anasewera Yesu

Bambo anga anagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri. Anthu othyola tiyi ankawaopa. Munthu akabwera ndi dengu lake pa sikelo, iwo ankapisa dzanja mpaka pansi, ndipo akapezamo masamba okhwima ankakuuza ukhuthule usankhenso, ngakhale mvula ikugwa. Sanali munthu woipa mtima, koma mawu awo anali ngati a galimoto yopanda sailensa. Akaitana munthu kumunda wa kumtunda, ife kumalaini, kunyumba za antchito, tinkamva.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ya pa esiteti pomwepo, ndipo akulu a mpingo anandipatsa ntchito yokonza sewero la Pasaka. Mnyamata amene ankasewera Yesu chaka ndi chaka anali atapita ku Joni. Tinakhala pansi ndi amayi a kwaya kufunafuna wina. Mayi wina anati, "Tikuvutikiranji? Ndevu zilipo kale kunyumba kwa aphunzitsi."

Ankanena bambo anga. Tonse tinaseka, koma abusa sanaseke nawo. Madzulo ake anabwera kwathu panjinga.

"Ine?" anatero bambo. "Abusa, anthu awa akandiona pamtanda aombera m'manja."

"Ndiye kuti tchalitchi chidzadza," anayankha abusa.

Amayi anga anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde. Bambo anavomera, ndikuganiza chifukwa chochita manyazi kukanira abusa pamaso.

Pasaka imafika tiyi ali pachimake, ndiye amuna khumi ndi awiri oti akhale ophunzira a Yesu sanapezeke. Tinapeza asanu, ena onse tinaikamo amayi. Pafupifupi onsewo anali anthu a m'gulu la bambo kumunda. Pokonzekera zinthu sizinkayenda. Bambo ankadalitsa anthu ngati akuwakalipira. Ndinkati, "Ababa, Yesu sankakuwa chonchi," iwo n'kuti, "Unalipo?" Ana a Sande sukulu amene ankayenera kuthamangira kwa iwo ankaima patali, mpaka amayi anga anayamba kuwaikira masiwiti m'thumba la mkanjo.

Mmodzi wa ophunzirawo anali mayi wina wamasiye wa ku laini yachitatu, wothyola tiyi mwachangu kuposa onse, wapakamwa kwambiri. Iye ndi bambo ankakangana pa sikelo pafupifupi sabata iliyonse, theka m'Chichewa, theka m'Chilomwe. Ndinam'patsa malo a wophunzira uja amene poyamba anakana kuti Yesu amusambitse mapazi, poganiza kuti kukana ndi ntchito imene ankaidziwa kale.

Gawo losambitsa mapazi linali Lachinayi la sabata ya Pasaka, anthu atangoweruka. Tinagwirizana kuti bambo azingothira timadzi pa zala za munthu aliyense, apukute ndi thawulo, apitirire. Ndinauzanso ophunzira onse kuti abwere atasamba kale. Tsikulo mvula inagwa kuyambira m'mawa, thirakitala yotenga tiyi inachedwa, ndipo anthu anachoka ku sikelo kulunjika kutchalitchi, matope ofiira mpaka m'maondo.

Bambo anavula mkanjo wa pamwamba, anamanga thawulo m'chiuno, n'kugwada ndi beseni. Maondo awo analira, anthu a kutsogolo anamva. Atafika pa mayi uja, iye anakana bwinobwino monga ndinam'phunzitsira, kenako anavomera. Bambo anathira timadzi, n'kufuna kusuntha. Mayiyo anabweza phazi m'beseni.

"Akapitawo," anatero mokweza, "kusambitsa kwake n'kumeneku? Masamba anga mumayang'ana limodzilimodzi. Phazi lokha ndiye mungolinyowetsa?"

Tchalitchi chonse chinaphulika. Abusa anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine ndinali kuseri kwa nsalu, ndipo bambo anga ndinkawadziwa. Ndinadikira mawu aja a kumunda.

Iwo anayang'ana mayiyo, anayang'ana phazilo, kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, kandipezere sopo ndi mwala."

Ndinathamangira kunyumba kwa abusa. Nditabwerako, bambo anakhala pansi penipeni, anaika phazi la mayiyo pa ntchafu pawo, n'kuyamba kukwecha. Anthu ankasekabe. Matope atachoka, chidendene chinaoneka: chinali chong'aluka mozama, penapake pakutuluka magazi. Bambo anasiya mwala, n'kumasambitsa ndi dzanja pang'onopang'ono. Anafunsa motsitsa mawu, koma poti mawu awo satsika, tonse tinamva.

"Mumaponda bwanji ndi phazi ili?"

"Timangoponda, akapitawo," anatero mayiyo. Nthabwala inali itamuthera, ndipo ankayang'ana kumbali.

Amayi a kwaya anayamba nyimbo chapansipansi osauzidwa ndi munthu. Bambo anasambitsa onse khumi ndi awiri choncho, ngakhale amene anali atawadutsa kale anawabwerera. Madzi ndinasintha katatu. Gawo limene linayenera kutenga mphindi zochepa linatenga nthawi yonse ya ulaliki, ndipo abusa ataimirira anangoti, "Lero ndilibe choonjezera. Tiyeni tipemphere."

Pobwerera kunyumba tinadzera m'kanjira ka pakati pa tiyi, bambo patsogolo atanyamula beseni. Tinayenda kamtunda ndithu. Kenako anaima.

"Tandiuza, iwe mphunzitsi. Yesuyo ankadziwa kuti anthu amenewa amuthawa usiku womwewo?"

"Ankadziwa, ababa."

"Ndi wom'pereka uja anam'sambitsanso?"

"Naye yemwe."

Anapukusa mutu. "Ine ndimati ukulu wake unali pa zozizwitsa zija. Koma kugwada kuja n'kowawa, mwana wanga. Msana wangawu sindikuumva."

Lachisanu anawapachika pa mtanda wa bulugamu, ndipo palibe anaomba m'manja. Agogo ena analira zenizeni, n'kuyamba kutukwana asilikali, mmodzi mwa iwo ali mdzukulu wawo yemwe. Lamulungu manda tinawapanga ndi madengu a tiyi, titawafunditsa mabulangete otuwa. Pouka kwa akufa bambo anakola dengu limodzi ndi phazi, manda onse anagwa, iwo n'kutulukira pakati pa madenguwo manja ali m'mwamba. Amayi analulutira, ng'oma zinalira, ndipo anthu ena mpaka lero amakhulupirira kuti tinachita kukonza dala.

Sindinganame kuti bambo anasanduka mngelo. Tchuthi chitatha anabweza dengu la mayi yemwe uja chifukwa cha masamba okhwima, ndipo iye anakuwa munda wonse ukumva, "A Yesu, chifundo chija chathera kutchalitchi?" Dzinalo linawakakamira. Akabaza a ku Luchenza ankawaitana choncho, ngakhale anthu a chipembedzo china pamsika. Iwo ankadana nalo. Ankati dzina limenelo si loseweretsa, ndipo munthu wonga iwo sangalisenze.

Koma sabata yomweyo anavala jekete, n'kupita ku ofesi kukapempha majombo a anthu a m'gulu lawo. Ku ofesiko anawabweza chimanjamanja. Anapitanso, anapitanso, mpaka kalaliki ankati akawaona pawindo amayamba yekha kunena kuti nkhani ija idakali m'njira. Majombo anafika mvula itatha kale, chiperoni chitayamba. Mayi uja analandira ake, anawatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti ndi aakulu kwambiri. Bambo anamuuza kuti aikemo nsanza. Anakangana pamenepo mpaka belu la ku fakitale linalira, ndipo mayiyo anapita kumunda atawavala, akuguba ngati msilikali.