Nkhafi Yolondera Kompyuta

Nthawi imene mafakitale a ku Kafue ankachotsa anthu ntchito, aliyense anasanduka wamalonda, ndipo tebulo la mumsika linali chinthu chophana nacho. Ofesi yathu yogawa matebulowo inalandira kompyuta, nkundilemba ine kuti ndiziiyendetsa, poti ndinapitako kukoleji. Kumeneko sindinamalize. Ine ndi aphunzitsi tinagwirizana mwamtendere kuti tatopetsana.

Chitetezo chinali chokhwima. Pazenera anaotcherera zitsulo. Pakhomo anaikapo alonda, bambo a ku Chipata amene anawachotsa ntchito kunjanji, chibonga chili kumanja. Kompyutayo tinkaifunditsa chitenje kuti fumbi lisaione. Panalinso pasiwedi, mawu otsegulira, amene lamulo linati ndiwadziwe ine ndekha.

Koma kwathu wamkulu akakufunsa kanthu suyankha kuti ndi chinsinsi. Abwana anafunsa, ndinawauza nditapinda mawondo. Akalaliki anafunsa, ndinawauza. Alonda nawo anati sangalondere chinthu chosachidziwa. Posakhalitsa anthu ankangoima pazenera nkufuula: "Iwe wa koleji, paja ni chani chija?" Ine nkuyankha mokweza, poti ena anali ogontha. Ndikukhulupirira kuti ndi makondakitala a minibasi za ku Nangongwe omwe ankaidziwa pamtima.

Tsiku lina tili kunshima, wina analowa m'kompyutamo nkufufuta dzina la mayi wina wogulitsa nsomba, wa ku Chanyanya. Tebulo la mayiwo ndilo linkadyetsa ana awo pamodzi ndi mwamuna wongokhala. Mmawa mwake mayiwo anapeza patebulopo pali bambo wogulitsa salaula, zovala zovalidwa kale, atagwira chikalata chotuluka m'makina athu.

Mayiwo sanalembe dandaulo. Anabwera ndi nkhafi ya bwato.

Alonda anatukula chibonga. Nkhafi inawapeza padzanja, fupa linalira ngati chinangwa chouma, chibonga chinakagwera m'ngalande. Wa salaula uja anali atawatsatira mayiwo akutukwana. Mayiwo anamumenya pakhutu, iye anazungulira nkukagunditsa mphumi pazitsulo za pazenera. Aka kanali koyamba zitsulozo kugwira munthu. Abwana analowa pansi pa desiki kukaona ngati miyendo yake ili yonse.

Ine ndinaimirira kuti ndiwalonjere mwaulemu. Nkhafi inandilonjera pakamwa. Dzino langa linagwera pakati pa mabatani a kompyuta.

"Ndani wagulitsa tebulo yanga?" anatero mayiwo.

"Amai, ni kompyuta."

"Ili na manja?"

"Ilibe."

"Manje manja ni ya ndani?"

Ndinafotokoza, magazi akutsikira m'malaya, kuti aliyense wodziwa pasiwedi akhoza kusintha dzina.

"Baziba ni bangati?"

Ndinayesa kuwerenga mumtima. "Kupatula nsomba za mumtsinje, amai..."

Khofi limene ndinalandira linandizimitsa khutu lamanzere. Kenako anandigwira pakhosi ndi dzanja lonunkha mlamba, nkundikankhira nkhope pagalasi la kompyuta. "Bweza."

Ndinabweza dzina lawo ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse chikusiya chidindo chofiira. Makina anatulutsa chikalata china, iwo nkuchipinda nkuchiika m'kamisolo. Ndinkayesa zatha. Dzanja silinachoke pakhosi.

"Nikayenda, mailo wina azachosa futi?"

"Zotheka, amai, ngakhale mawa lomwelo."

"Nyumba ya bwanji iyi, kiyi ili na tauni yonse? Chinja."

Anandinong'oneza mawu atsopano, dzina la nsomba ina imene sindinaidyepo, ndipo sindilitchula ngakhale lero. "Aliyense akakufunsa, olo ni tate wako, umuuze abwere ku Chanyanya afunse ine." Ananyamula nkhafi paphewa, anadumpha wa salaula amene anali akubuulabe pakhomo, nkumapita kukachotsa mabuluku patebulo lawo.

Patapita masiku, mlomo wanga utaphwa, abwana anaima kumbuyo kwanga nkukhosomola. "Mwana wanga, paja mawu atsopano aja ndi ati?"

Ndinapinda mawondo monga mwa mwambo, nkumwetulira kuti aone pamene panali dzino. "Ali kwa amai a nsomba, bwana. Anati mukawatenge nokha. Ndikubwerekereni njinga?"

Abwana anayang'ana alonda, amene dzanja linali lidakali m'chikhakha. Anati nkhaniyo si yofulumira.

Mpaka tsiku limene ndinachoka pa ofesiyo sanafulumire nayo, ndipo patebulo lija panali pakugulitsidwabe nsomba.