Dzungu la pa Msomali 212

Mayi Remigia Canché anabadwira m'mudzi wina kum'mwera kwa Mérida, m'banja la oluka hamaka. Kwathu kuno munthu amabadwira mu ukonde wogonamowu, ndipo akakhala wamwayi amafera momwemo. Sukulu analekezera sitandade 4, poti mphunzitsi wawo anathawa ndi mkazi wa wophika buledi ndipo wina sanabwerenso. Anakwatiwa ndi woyendetsa basi, n'kubereka ana asanu. Tsiku lina basi ndi mwini wake zinapita ku Cancún osabwerera. Ndiye anadzayamba kusesa mu labotale yathu, ndipo anasesa zaka 17 ndisanadziwe kuti ndi mdani wanga.

Ine ndine Anselmo Peniche. Ndikulemba izi chifukwa pa mwambo wotsanzikana nawo popuma pa ntchito sanandipatse mpata woyankhula.

Ntchito yathu inali yofufuza matenda otupitsa mtima, aja amabwera ndi nsikidzi zikuluzikulu zimene timati pik. M'maselo a mtima muli mapuloteni mazanamazana, ndipo palibe imene imagwira ntchito payokha: iyi imadzutsa iyo, iyo imagoneka inzake. Matenda amasokoneza ubale umenewu. Ukaudziwa ubalewo, wadziwa polozetsa mankhwala.

Kompyuta tinali nayo, koma inkajambula ubalewu ngati tsitsi lotseka paipi ya m'bafa. Choncho ndinalanda khoma lonse la m'kholido: puloteni iliyonse msomali wake wa nambala, ubale uliwonse kachingwe kake. Zinanditengera zaka zisanu ndi zinayi. Chakumanzere kunali msomali 40, umene ndinkautcha Bishopu poti zingwe 94 zinkapita kukaugwadira. Ndinali wotsimikiza kuti mankhwala ayenera kulunjika pa Bishopu.

M'mawa uliwonse mayi Remigia ankaima ndi mopu wawo n'kupukusa mutu.

"A Dokotala, hamaka yanuyi adzagonamo ndani?"

"Si hamaka, mayi. Ndi sayansi."

"Ndiye sayansi yanuyo idzagwetsa munthu. Mbali ziwiri zonenepa, pakati tizingwe titatu."

"Sesani."

"Ndasesa kale. Mwapondapo ndinu."

Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi, kunja kukuwotcha ngati mu uvuni, anafika ndi chikwama chawo cha chakudya: zitumbuwa zisanu ndi zitatu za chimanga ndi nyemba zimene timati mapanucho, botolo la thobwa lathu la pozol, malalanje owawasa, ndi theka la dzungu. Mbedza ya kuseri kwa chitseko inali yothyoka. Za mbedza imeneyo ndinali nditalembera akuluakulu makalata atatu. Mayiwo anapachika chikwama pa msomali 212, uja wa tizingwe titatu.

Ndili mu ofesi ndinamva ngati kukugwa matalala. Msomali 212 unazuka, n'kukoka mnzake, mnzakeyo n'kukoka wina. Nditatuluka ndinapeza mbali yonse ya kumanja ili pansi, misomali ili mbwee, dzungu likugubuduzika kulowera kuchimbudzi. Bishopu anali chiimire ndi zingwe zake zonse, osathandiza kanthu.

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata ya masamba anayi yoti achotsedwe ntchito. Mkulu wa labotale anali Yolanda Cetina, amene ndinamuphunzitsa ndine kagwiridwe ka chubu, ndipo sanathokozepo. Anatiitana tonse awiri.

Mayi Remigia anabwera atavala diresi loyera lopeta maluwa, lija la ku misa. Ana awo awiri anali akadali pasukulu, ndipo pa msinkhu wawo ntchito ina sakanaipeza. Koma pakamwa sipanafooke.

"Anachitira dala," ndinatero. "Zaka zonsezi akhala akuuloza msomali umenewu."

"Zoona, mayi?" anafunsa Yolanda.

"Kuuloza ndinkauloza, mwana wanga. Ndinati poti wanyamula khoma lonse, dzungu silingaukanike."

"Wonyamula khoma ndi Bishopu," ndinatero.

"Bishopu wanuyo ali ndi anzake ambiri chabe, a Dokotala. Hamaka siidukira pamene pali zingwe zambiri. Imadukira pamkono, pamene zonse zimadutsira."

Yolanda anatembenukira kwa ine. Mbali imene inagwayo inali ya mapuloteni otupitsa mtima, ndipo 212 ndiyo inali mlatho wawo wokhawo wopita kwa enawo.

"Aphunzitsi, tinaifunsapo kompyuta kuti mlatho ndi uti?"

"Panalibe chifukwa."

"Chabwino. Tiyesa mapuloteni onse awiri pa maselo a m'mbale. Masabata atatu. 212 ikapezeka yopanda ntchito, kalata yanu ndiisayina."

"Ikapezeka nayo ntchito," anatero mayi Remigia, "a Dokotala andigulira mbedza."

Taonani mmene sayansi inkayendetsedwera pamalo amenewo.

Masabata atatuwo mayi Remigia anasesa labotale yonse kupatula ofesi yanga. Akafika pa kabati yofunda imene tinkasungamo mbale, ankawerama n'kumanong'oneza maselo ngati nkhuku zofungatira. Ndinawaletsa. Anati akuyankhula ndi mopu. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa ndowa, akuwerenga pa zala masiku otsala. Atandiona anadzuka n'kundiuza kuti malaya anga ndamanga mabatani mosemphana.

Zotsatira ndizilemba mwachidule, poti sizindisangalatsa. Titagoneka Bishopu, maselo onse anafa, odwala ndi abwinobwino omwe. Titagoneka 212, maselo anakhala moyo ndipo kutupa kunachepa. Anali maselo a m'mbale chabe, osati munthu, ndipo mankhwala sanapezeke mpaka lero. Izi ndimazinena paliponse, koma palibe amamvera.

Kalata yanga sinayankhidwe. Mbedza ndinagula, yamkuwa, ndipo mayiwo anati ndaikhoma mopendama. Anasesa zaka zina khumi ndi chimodzi, ana anamaliza sukulu, ndipo mayiwo anapuma pa ntchito tsiku limene anasankha okha. Khoma anandithandiza kulilukanso, ndipo ndivomereza kuti mfundo zawo sizimasuka. Koma mu labotalemo palibe amene amati 212, kaya puloteni ya Peniche, ngakhale amene anakhoma msomaliwo ndine. Onse amati Dzungu. Ngakhale alendo ochokera ku Monterrey amafika n'kufunsa za Dzungu.

Mwezi watha ndinapita kumudzi kwawo kukawauza zonsezi pamaso. Anandigoneka mu hamaka ya alendo, ndipo ndinagona maola awiri ndisanayambe n'komwe. Nditadzuka ndinangokumbuka funso limodzi.

"Mayi, dzungu lija linali la chiyani?"

"Linali lanu, a Dokotala. Ndinkafuna ndikuphikireni la uchi. Munkaoneka ngati munthu amene sanadyetsedwepo chokoma."

Dzungu limenelo sindinalilandire mpaka pano. Ndawalembera kalata.