Namaliya, Mphuno ya Lole

Namaliya wa ku Golomoti anakwatiwa chifukwa cha mphuno yake, ngakhale iye anazindikira zimenezi mochedwa. Mwamuna wake, Jonasi, anaphunzira kuyendetsa galimoto ali msilikali ku Keyala, ndipo kunkhondoko anabwerako ndi chilema chosaoneka: sankamva fungo lililonse. Nsomba yowola ndi sopo zinali chimodzimodzi kwa iye. Mmwenye wina wa ku Mtakataka atamulemba ntchito, Jonasi anabisa chilemacho, pakuti lole ikamadwala imayamba ndi kununkha, ndipo dalaivala wosamva fungo akhoza kuiotcha ndi katundu yemwe.

Choncho Namaliya ankakhala kutsogolo, pambali pa mwamuna wake, zenera lili lotsegula. Akazi a m'midzi ya m'mbali mwa msewu ankasiya kusinja n'kumamuyang'ana. Ankati chimenechi ndiye chikondi. Iyenso ankaganiza choncho.

Jonasi anamuphunzitsa yekha. Ankaotcha kachidutswa ka lamba wa injini, kenako ka tayala, kenako ka waya, n'kumuikira pamphuno atamutseka m'maso. Akalakwa ankamenyedwa khofi. Sanachedwe kudziwa. Lamba akamaterereka fungo lake limachokera kutsogolo, lopyapyala. Mabuleki akagwira amanunkha ngati tsitsi lowauka. Tayala likamakhula thupi la lole fungo lake ndi lolemera, limakhala pakhosi. Iye ankangonena, Jonasi n'kutsika ndi sipanala. Pasiteshoni ya sitima, potsitsa thonje, Jonasi ankauza madalaivala anzake kuti, “Ena amaweta agalu osaka nyama, wangayu amasaka mphira.” Iwo ankaseka osamvetsa, ndipo Namaliya ankaseka nawo akuyang'ana pansi.

Mwana sanabwere m'banjamo. Chaka chimene chinayamba Chitaganya, Jonasi anapeza Selina, mtsikana wa ku Mtakataka wokonda kudzola mafuta onunkhira. Mafutawo Jonasi sankawamva. Amene ankawamva pa malaya ake pochapa anali Namaliya.

Tsiku lokamutenga Selina linali la m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Lole inali itadzaza kale ndi mpunga ndi mchere wa Mmwenye, ndipo pamwamba pake anakwezapo bedi lachitsulo, makina osokera ndi bokosi la mkwatibwi. Namaliya atagwira chitseko monga mwa masiku onse, Jonasi anati, “Kwera kumbuyo.”

“Nanga ndimva bwanji kumeneko, bambo?”

“Mphepo ikubweretsera. Mphuno yonseyo ingalephere?”

Selina anasuzumira pazenera. “Pepanitu akulu, ine fumbi limanditsokomoletsa.”

Namaliya anakwera pa matumba. Anadziuza kuti mpandowo ubwerera, chifukwa tsiku lina lole idzanunkha ndipo mtsikanayo sadzamva kanthu koma mafuta ake.

Tsikulo silinachedwe. Atangodutsa pa Mua fungo lija lolemera linamufika pakhosi. Anaganizako zokhala chete mpaka tayala liphulike, koma anaona kuti mwayi wake ndi womwewu. Anamenya denga la lole ndi chikhatho.

Jonasi anaima pansi pa mlambe, n'kuyamba kutsegula ku injini. Anagwira lamba, anapeza ali bwinobwino.

“Si kumeneko, bambo. Ndi tayala lakumbuyo, mbali ya kunyanja.”

Jonasi anakwawira pansi. Sipuling'i inali itathyoka, thupi la lole litakhalira tayala, ndipo mphira inali yonyezimira, yotentha, ikuyoyoka tinyenyeswa takuda. Namaliya ndiye anapukusa jeke, thukuta likugwera m'fumbi. Jonasi anadula chipika cha tsanya, anachisema, anachilowetsa pakati pa thupi la lole ndi chitsulo chogwira matayala, n'kuchimanga ndi waya. Atatsitsa jeke, mpata unatsala wongolowa zala.

“Katundu wachuluka mbali ino,” anatero Jonasi akupukuta manja. “Tikagunda dzenje thupi likhudzanso tayala.”

“Makina anga asatsike,” anatero Selina ali pampando pomwepo. “Bedinso ayi. Ndikagona pati?”

Matumba anali a Mmwenye. Jonasi anayang'ana katunduyo, kenako anayang'ana mkazi wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amayang'anira thumba asanalinyamule.

“Iwe ndi mpunga mukufanana kulemera. Usakwerenso.”

Namaliya anaseka pang'ono poyesa ndi nthabwala zake zija. Jonasi anakwera pamwamba, anatenga kamtolo ka zovala za Namaliya n'kukaponya pansi.

“Ndikupezeni kunyumba madzulo, bambo?”

“Ukawapeze amako.”

“Nanga azikununkhizirani ndani?” Aka kanali koyamba kuti atchule chilemacho pamaso pa munthu wina.

Jonasi sanakwiye n'komwe. “Selina alibe mphuno? Ndi mwana uyu, aphunzira msanga kuposa iwe.”

“Kununkhiza chiyani?” anafunsa Selina.

“Udziwa mawa.”

Lole inalira, inanyamuka. Namaliya anatsala pansi pa mlambe, mafuta akuda ali m'manja. Koma isanazimirire inaima, ndipo Jonasi anatulutsa mkono n'kumukodola. Namaliya anatola kamtolo kake n'kuthamanga, nsalu ikumasuka m'chiuno, miyala ikumulasa kumapazi. Anafika ali wefuwefu, dzanja litalunjika kale pachitseko.

“Osati kuno,” anatero Jonasi. “Pita kutayalako. Tanunkhiza, fungo latha?”

Namaliya anazungulira, anawerama, anakoka mpweya. Munali fumbi, mchere ndi tsanya wamuwisi basi. Chipika chija chinali chitagwira bwino.

“Latha, bambo.”

Jonasi anagwedeza mutu, n'kuponda moto.