Chithunzi cha Amayi pa Watsapu

Anandilanda malo anga ku yunivesite ndili chaka chachiwiri. Sindinabere mayeso, sindinajombe. Chinandichotsa ndi chithunzi cha amayi anga.

Mliri wa korona utavuta anatseka sukulu n'kutiuza kuti tiziphunzira pa intaneti tili kwathu. Kwathu n'ku Chinsapo. Foni yanga inali ya mabatani, choncho ndinkabwereka ya amayi akaweruka kumsika komwe amagulitsa tomato.

Kosi ina ndinali kuibwereza, ndipo lamulo lake ukalephera kawiri umapita. Ankaphunzitsa ndi bambo wina wokalamba, wozolowera choko. Tsamba la sukulu la pa intaneti linawakanika. Anati tizilemba pamanja, tizijambula mapepalawo n'kuwatumizira pa watsapu. Ndinayamba ndi moni: “Mwaswera bwanji bwana?” Uthengawo unafika, sanayankhe. Kenako ndinatumiza ntchito zitatu. Zonse zinachonga kamodzi kokha, ine n'kumati mdalayo alibe bandulo.

Zotsatira zitatuluka, pa malikisi makumi anayi a ntchito za m'kalasi ndinali ndi ziro.

Ndinafunsira nyumba ya mphunzitsi uja ku Area 25. Ndinawapeza pakhonde atavala masiki pachibwano. Ndinawaonetsa foni, tsiku lililonse lomwe ndinatumiza likuoneka. Anakweza magalasi n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha mwini nambala: amayi atavala yunifomu ya chigwirizano.

“Aa! Mayi awa ndi mayi ako?”

“Eya, bwana.”

“Mayi akunyumba anaona moni uja. Akuti ndani ameneyu akukufunsani kuswera? Ndiye anawabuloka. Ine sindidziwa n'komwe podina pake.”

Mawu a akazi awo anachokera m'nyumba: “Munthu wa Mulungu bwanji osalemba dzina!”

Bamboyo anaseka. Ine sindinaseke.

Mapepala enieniwo ndinali nawo m'chikwama. Anatenga cholembera chofiira n'kuwachonga pomwepo, akunyowetsa chala ndi malovu potembenuza tsamba, korona yemweyo ali pakati. Anawonkhetsa kawiri.

“Makumi atatu ndi imodzi. Unakhoza, mwanawe. Ndilemba kalata.”

Kalatayo analembadi, pamanja. Ku ofesi anati komiti inakhala kale, zodandaula zimadzera pa tsamba la pa intaneti, ndipo nthawi yake inatha. Tsamba lomwe lija. Chaka chisanathe bamboyo anapuma pa ntchito.

Pano ndimagulitsa zipangizo za galimoto mu shopu ya malume ku Biwi. Anzanga anavala mikanjo, zithunzi zawo ndimaziona. Mdala uja anaphunzira foni mochedwa. Mdzukulu wawo anatsegula nambala ija, ndiye mmawa uliwonse amatumizira amayi vesi ndi duwa. Amayi amayankha kuti ameni.

Ine sindifuna vesi. Mapepala aja ali pansi pa matiresi, inki yofiira sinafufutike. Sukulu ija ili nane ngongole ya malikisi makumi atatu ndi imodzi.