Tsiku Limene Ana Anaona Atomu

Ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi Champhira pamene tinalandira pulojekita. Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito, mkulu woyendera sukulu anadzakhala kumbuyo kwa kalasi. Ndinauza ana kuti aonera kanema wosonyeza atomu, kenako ndinalumikiza foni yanga. Netiweki inakana. Pakhoma panangooneka kamkombero koyera kakuzungulirazungulira, kudikira kanema. Ine ndili kalikiliki kukweza foni pawindo, ana onse anajambula kamkomberoko mosamala m'makope, n'kulemba pansi pake kuti atomu.

Belu litalira, mkulu uja anandigwira chanza n'kundithokoza.

"Yewo chomene, aphunzitsi. Ife kale atomu tinkangoimva, koma ana awa aiona ndi maso ikuyenda."

Sindinawatsutse. Sabata yotsatira yonse ndinaithera kufufutitsa zithunzizo, choko chili m'manja.