Peyala la Kuseri kwa Nyumba ya Lendi

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, poti anthu amati ndimathira mchere nkhani. Yoyamba ndi mkazi wanga, amene chikwatirane sanandivomerezepo kanthu, koma izi akuvomereza. Yachiwiri ndi bambo wa golosale patsidya pa msewu, Msilamu wochokera ku Mangochi, amene anaona zonsezi ali pa kusala kudya, nyengo imene sanganame ngakhale pa sikelo. Yachitatu ndi mtengo wa mapeyala. Umenewo ukadalipo, pitani mukauone.

Nyumba imene tinkachita lendi ku Chipata inali ya mkulu wa mpingo wathu, kalaliki wopuma ntchito amene anaphunzira ku mishoni ya Tamanda ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Titangolowa, denga linkadontha moti mvula ikayamba tinkathawira panja. Ndikulumbira. Makoswe ake anali onenepa moti mphaka amene tinabwera naye anabwerera yekha kwathu ku Chiparamba wapansi.

Ndinamata ming'alu, ndinasintha malata, ndinapaka laimu, zonse pa malipiro a uphunzitsi. Chaka chikamatha mkuluyo ankabwera ndi pepala la pangano, tinkapemphera, ndinkasaina, iye n'kunena kuti, “Aphunzitsi, muzikhala ngati kwanu.”

Ine ndinamvera. Mwana wathu atabadwa, mchombo wake utagwa, mkazi wanga anaukwirira kuseri kwa nyumba monga timachitira kumudzi, ine n'kudzala njere ya peyala pomwepo. Mwana ndi mtengo anakulira limodzi. Atayamba kulankhula ankautcha “mtengo wanga,” ndipo ankauthirira ndi kapu yake yomwera tiyi.

Chaka chimene mtengowo unachita maluwa koyamba, mkuluyo anabwera wopanda pepala. Anazungulira kuseri n'kuima chilili.

“Aphunzitsi, ichi n'chiyani?”

“Ndi mtengo, abambo.”

“Maso ndili nawo. Munthu wa lendi amadzala repu, amadzala tomato, zinthu zoti zithe iye asanachoke. Wodzala mtengo pamalo a eni ndiye kuti akuika malire. Mawa ine ndikafa, mudzauza ana anga kuti kuyambira apa m'panu.”

“Koma munati tizikhala ngati kwathu.”

“Zimenezo ndimauza aliyense. Ndi ulemu chabe.”

Apa mkazi wanga, pofuna kuwafewetsa mtima, anagwada n'kunena kuti, “Pepani abambo, sitinaganize za malire. Pansi pakepo pali mchombo wa mwana.”

Mkuluyo anakhala pa ndowa yovundikira. Ndowayo mpaka lero ndi yopindika.

“Mchombonso! Ndiye mwayamba kale mudzi pano!”

Pangano silinawonjezedwe. Sanatikalipire ayi, anatipempherera ulendo wabwino, pemphero lalitali moti phala la mwana linazizira n'kuuma. Ndalama ya chikole imene ndinapereka polowa anati adzabweza akawerengera zowonongeka.

Tinasamukira m'zipinda ziwiri pafupi ndi chigayo, momwe munthu ukayetsemula oyandikana nawo amakupepesa. Pabwalo pake ndi simenti yokhayokha. Mwana ankafunsa kuti akumwetsa mtengo wake ndani. Ndinkamuuza kuti mvula.

Ndalama ija ndinaidikira mpaka ndevu zanga zinachita imvi. Lamlungu lililonse mkuluyo ankandigwira chanza pakhomo la tchalitchi ndi manja awiri. “Aphunzitsi, sindinaiwale.” Ndipo sanaiwaledi, chifukwa ankanena mawuwo ine ndisanatsegule pakamwa. M'nyumba muja munalowa munthu wa galimoto, wolipira lendi yokwera chifukwa cha denga losadontha. Denga langa lija.

Tsiku lina bambo wa golosale anandikodola ndikudutsa. “Achimwene, taonani apo.” Pambali pa sitolo yake panali mkazi wa mkuluyo ndi beseni la mapeyala akuluakulu ngati mutu wa khanda, akugulitsa. Ndinali ndi mwana. Anawazindikira, kaya bwanji, n'kuyamba kundikoka malaya. Ndinagula limodzi. Mayiwo sanandichotsereko ngakhale pang'ono, anangoti, “Ndi okoma awa, aphunzitsi, a pakhomo pathu.”

Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira, ndalama yalowa. Inali theka. Ndinaimbira mkulu uja.

“Abambo, ndalandira, koma yaperewera.”

“Inayo ndachotsa yolipira munthu wodula mtengo munadzala uja.”

“Koma mtengowo ulipo. Peyala lake mwana akudya pano.”

“Tidzadula, aphunzitsi. Ukadzasiya kubala.”