Pikapu Yaitali Miyendo ya a Alufeyo

A Alufeyo Kachigwada ndi alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Benedeta, ndipo pobwera chikamwini kwathu kuseri kwa Nsaru anali ndi njinga yopanda mabuleki basi. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo pa Nsaru pomwepo, choncho chilichonse choyenda ndi matayala chimadutsa m'maso mwanga. Ndinawaona akulimbana ndi fodya mpaka anagula pikapu yoyera yogwiragwira, m'zaka zija boma litangosintha, aliyense wokhala ndi galimoto atasanduka wa matola. Ankanyamula mabelo, mbuzi, amayi a tomato, ngakhale mabokosi a maliro. Anali munthu wosowa mawu, wamanyazi zedi, koma anthu ankawakonda pa chinthu chimodzi: ukagogoda padenga ankaima pomwepo.

Wokwera kumbuyo kwa pikapu alibe njira yolankhulira ndi dalaivala, ndiye akafuna kutsika amamenya denga ndi chikhatho. Madalaivala ena amayamba akupitirira nawe kamtunda, n'kudzaima akukalipa. Alamu anga ayi, phazi lawo linkafika pa buleki mutu usanaganize. Ndinkawaseka kuti tsiku lina mango akadzagwera padenga adzaima n'kutsegula chitseko kuti atsazikane nawo.

Chaka china mu February, nthaka itakhuta mvula, kunabwera tenanti wa pa esiteti ina ya fodya, dzina lake Bester, wochokera ku Phalombe. Mkazi wake Stella matenda a uchembere anali atamuyamba dzulo lake ndipo azamba anali atagwira njakata. Anamugoneka pamatiresi kumbuyo, amayi anzake atamuzungulira, ulendo wa ku chipatala cha mishoni. Njira yachidule imadutsa pa dambo la Kanjiwa, pomwe ngolo zinakumba mizere iwiri yakuya n'kusiya mtumbira pakati. Dalaivala aliyense wa kwathu amadziwa kuti ukalowa pamenepo nthawi ya dzinja, usaime mpaka utuluke.

Ali pakatikati pa dambo, Stella anakomoka, amayi aja n'kumenya denga ndi mantha. Phazi la alamu anga linachita zomwe linazolowera. Pikapu inaima, inatitimira, mimba yake n'kukhala pamtumbira paja, matayala akungopala matope. Anthu anabwera ndi makasu, ena anakatenga ng'ombe, koma pomwe ankaikoka dzuwa litapendeka n'kuti Stella atamwalira kale pamatiresi pomwepo, mwana ali m'mimba.

Palibe anawaloza chala. Bester mwini wake anawathokoza poti anayesetsa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira kuthokoza kumeneko mtima umandiwawa. Alamu anga mlandu wonse anaupereka kwa galimoto. Ankangoti njaifupi, ikanakhala yokwera pang'ono ikanatuluka. Za phazi sankatchula, ndipo ife sitinkawakumbutsa.

Patapita miyezi, Benedeta anandinong'oneza kuti bambo akwawo akumva kugogoda. Zinayambira pa dambo pomwe paja, masanasana, kumbuyo kulibe ngakhale nkhuku. Anaima, anatsika, anazungulira galimoto, osapeza munthu. Ine ndinati ndi chitsulo chakhwefuka, pikapu yakale imalira paliponse. Anamangitsa mabawuti onse, anayala mphira padenga, koma kugogoda kunapitirira, tsopano ngakhale pamsewu wabwino. Abambo mfumu anaiwaza madzi odalitsa, sizinasinthe. Apa m'pamene anatsimikiza mtima kuti galimotoyo aikweze.

Atagulitsa fodya chaka chimenecho anandikoka kuti ndiwaperekeze kwa Damiano, makaniko wa pa Njewa, munthu wolankhula ngati wayilesi. Damiano anati njira zilipo ziwiri. Yotchipa ndi kuika mabuloko achitsulo pamasipiringi. Yabwino ndi kupinditsa masipiringiwo, kuwonjezera ena, n'kugula mashokapu aatali. Koma anachenjeza kuti zonsezo zimangokweza thupi, pamene difu, chimutu chija chili pakati pa matayala a m'mbuyo, imatsala pompo pokhapokha matayala akule. Ndipo matayala aakulu amakhula madigadi, amamwa dizilo, amalemetsa chiwongolero. Iye anati aikweze zala zitatu ndi matayala okulirako pang'ono, zikwanira.

Alamu anga sanatsutse. Anapita kuseri kwa mpando n'kutulutsa kamtengo komwe anayezera kutalika kwa mtumbira wa ku Kanjiwa. Anagona chagada, analowa pansi pa galimoto, anaimika kamtengoko pambali pa difu, n'kunena kuti akufuna difuyo idutse pamwamba pake, patsalenso malo a chibakera.

"Akulu, mukufuna galimoto kapena nkhokwe?" anatero Damiano. "Imeneyi ikagwa nanu pa kona."

"Kwezani," anayankha choncho basi.

Matayala tinakasaka m'tauni, ku msika wa zitsulo zakale. Ndinatopa, miyendo inatupa, iwo akungosisita tayala lililonse ngati akusankha ng'ombe ya ngolo. Osalala m'mbali ankawakana, a mano ang'onoang'ono ankawakana. Anasankha a mano akuluakulu otalikirana, oti matope asakanirire. Damiano anadula madigadi akung'ung'udza, ndipo ine ndinaumitsa pakamwa kuwauza alamu anga kuti akuwononga galimoto yabwinobwino chifukwa cha phokoso la m'mutu mwawo.

Itafika pa Nsaru ana anaitcha Kakowa chifukwa cha miyendo. Amayi achikulire ankalephera kukwera mpaka alamu anga anawotcheretsa kamakwerero kumbuyo. Masipiringi anauma gwa, tomato ankafika mumzinda ataphwanyika, ndipo pa kona inkapendeka moti anthu ankagwirana malaya. Makasitomala ambiri anathawira ku minibasi. Koma pa Kanjiwa inkadutsa ngati palibe kanthu, zimenezo ndivomere. Ndinawafunsa tsiku lina ngati kugogoda kuja kunatha. Anayang'ana pansi n'kunena kuti kunalipobe, koma anali ataphunzira kusaima. Anali atawauza okwera kuti azinena kotsikira asananyamuke.

"Ndikangoima, alamu, ndiye kuti ndamuyankha," anatero.

Dzinja lina Talandira, mwana wawo woyamba, nthawi yake inakwana msanga, mimba yoyamba, zinthu n'kuvuta. Mvula inali itagwa sabata yonse. Benedeta ndi amayi awiri anakhala naye kumbuyo, ine ndinakwera kutsogolo kuti ndikathandize kukankha zikavuta. Titafika pa Kanjiwa alamu anga analowetsa giya yamphamvu, analuma mano, tinalowa. Matope ankathovukira m'magalasi. Tili pakati, denga linalira, chikhatho chikumenya mwaphuma.

Ndinati, "Alamu, akugogoda."

Anandicheukira, nkhope itayera ngati phulusa. "Mwamva nanunso?"

Anaponda moto. Galimoto inapendeka uku ndi uku, inabuula, inatuluka. Apo anachita bwino, sindinganame. Koma titafika pouma ndinawauza kuti tsopano aime tione za kumbuyo, ndipo sanandimve. Ndinawagwedeza phewa, ndinakalipa, ndinawatchula dzina lawo lenileni, chinthu chomwe sindinachitepo. Mutu anaulowetsa m'mapewa ngati munthu amene akugendedwa, thukuta likuchucha m'chibwano, maso ali kutsogolo. Ndinachita mantha, osati ndi msewu, koma ndi munthu amene ndinakhala naye pafupiyo. Anakaima pa geti la chipatala.

Benedeta anatsika ndi mkwiyo, chitenje chili magazi, m'manja muli kamwana kakakazi kakulira. Kanabadwa titangotuluka m'dambo, galimoto ikudumpha, amayi aja akugwirira Talandira kuti asagubuduke. Anamwino anathamanga nawo onse awiri, ndipo onse ali moyo mpaka lero. Mlongo wanga anawalalatira amuna ake pamaso pa anthu, kuwafunsa ngati makutu anawasiya kunyumba. Iwo anafunsa motsitsa mawu kuti bwanji ankangomenyabe denga njira yonse pomwe ankaona kuti akuthamangira ku chipatala.

"Njira yonse iti?" anatero Benedeta. "Ndagogoda m'dambo mokha muja. Kuchoka apo manja ndikanawatenga kuti, mwana ali m'manja?"

Alamu anga anatembenukira kwa ine. Ndinafuna kunama kuti ndiwapepuze, koma pakamwa panakana. Chitulukireni m'dambo ine sindinamve kalikonse padenga, ndipo ndinawauza choncho. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anandipatsa makiyi kuti ndiwasungire, anakakhala pansi pa mtengo.

Amene anaibweretsa pikapu kumudzi ndi mwamuna wa Talandira. Ili kuseri kwa nyumba, matayala aja anaphwa, mbuzi zimabisala mvula pansi pake osawerama n'komwe. Ogula anabwera angapo, Damiano mmodzi wa iwo, koma alamu anga amati sangagulitse munthu chinthu chomwe chili ndi wokwera kale. Anandiuza kuti dalaivala wosasiyanitsa dzanja la wamoyo ndi linalo asanyamule ana a eni ake. Anabwerera ku khasu, ndipo mdzukulu wawo amamukonda kwambiri, amamubereka kumbuyo ngati mayi.

Masiku ano akafuna kupita ku Namitete kapena m'tauni amakwera matola a anthu ena, kumbuyo, manja atawapana pakati pa mawondo. Pobwerera ndimawaona ndili pamakina anga. Galimoto ikafika pa mphambano ya kwathu, iwo amayang'ana njira yawo ikudutsa, dzanja osalikweza. Amapitirira nayo mpaka wina agogode, kaya ndi kutali bwanji, kenaka amatsika n'kubwerera wapansi.